Kodi amayi ako anawawerenga? Zolemba za ulendo wa kwa Annang

Lachiwiri, 10 Disembala 2024, Uyo

Ndafika, koma mapazi atupa ngati mabanzi. Ndinanyamuka ku Lilongwe Lamlungu, kudzera ku Addis Ababa, n'kukagona ku Lagos. Ndege yobwera ku Uyo, likulu la dera la Akwa Ibom kummwera kwa Nigeria, inachedwa maola anayi, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wotiuza chifukwa. Anthu akuno sadandaulira mumtima ngati ife. Amakalipa pomwepo, mokweza, kenako n'kuyamba kuseka ndi yemwe amamukalipirayo. Ine ndinangokhala phee pakona, chikwama pamiyendo, ngati mwana wobwera kumene pasukulu.

Mnzanga anandichingamira pabwalo la ndege. Tinadziwana ku Lilongwe zaka zapitazo iye akugwira ntchito yaunamwino, ndipo wandiitanira ukwati wa mchimwene wake sabata yamawa. Ndabwera msanga dala chifukwa ndili ndi kanga kamumtima.

Mu Seputembala 2018 ndinagwira nawo ganyu ya kalembera kwathu ku Ntcheu. Pakhomo lina ndinapeza gogo akusenda chinangwa. Nditafika pa mafunso a ziweto, anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mwanawe, mbuzi zanga zakulakwira chiyani?" Anandiuza kuti alibe mbuzi, chonsecho zinali kulira kuseri kwa nkhokwe. Nkhaniyi ndinamusimbira mnzangayu ngati nthabwala, koma iye sanaseke. Anati kwawo funso ngati langalo linaphetsa amayi oposa 50 mu 1929. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufuna kudzaponda pamalopo.

Ndalama za m'manja zikuvuta kuno. Aliyense amakatapa kwa atsikana okhala pansi pa maambulera ndi kamakina ka POS, monga ma ejenti athu aja. Pa 20,000 naira andidula 600. Tikugona ku Uyo, jenereta ya oyandikana nawo ikulira pafupi ndi zenera langa.

Lachitatu, 11 Disembala, Ikot Ekpene

Minibasi 1,500 naira, msewu wabwino wa mbali ziwiri, ulendo wosakwana ola. Kumwamba kuli mbuu ngati kwathu mu Seputembala anthu akamatentha tchire. Akuti ndi fumbi la mphepo ya harmattan yochokera kuchipululu. Milomo yayamba kale kung'ambika.

Akwa Ibom ndi dera lomwe linadulidwa ku Cross River mu 1987, ndipo Aannang, mtundu wa anthu a kuno, ali ndi maboma ang'onoang'ono 8 m'derali: Ikot Ekpene, Abak, Etim Ekpo, Ika, Ukanafun, Oruk Anam, Essien Udim ndi Obot Akara. Mnzanga wandiloweza mayinawa m'minibasi ngati mwana wa sitandade 3. Tauni ino amaitcha mzinda wa raffia, chomwe ndi chiwale chathu chija. Amaluka nacho zikwama, zipewa, nsapato, mphasa, ndipo mtengo womwewo umawapatsa uchema womwe amautcha ukot.

Mayi ake a mnzanga aliyense amangowatchula kuti Mma, ndiye nanenso ndatengera. Ndinagwada powapatsa moni, iwo n'kuseka mpaka kugwira m'mimba, n'kundidzutsa ndi manja awiri. Mawu omwe ndagwira mpaka pano ndi awiri: amesiere, moni wa m'mawa, ndi sosongo, zikomo. Chakudya chinali fufu, mbale wake wa kondowole, ndi ndiwo za afang: masamba owadula mosalala ngati tsitsi, mafuta ofiira, nsomba youma, chikopa cha ng'ombe ndi tinkhono tating'onoting'ono tomwe umachita kuyamwa kuti kanyama katuluke. Ine kuyamwa, osatuluka kanthu. Mwana wazaka zisanu anandiphunzitsa, akundimvera chisoni poyera. Tsabola wake ndiye musanene.

Madzulo ndinalakwitsa. Tili mumsika ndinatulutsa kope ndi bolopeni kuti ndilembe mitengo: botolo la mafuta ofiira, kapu ya garri (ufa wa chinangwa wokazinga), mulu wa nkhono. Ndisanamalize mzere wachitatu, mayi wogulitsa mafuta anaimirira, manja m'chiuno, n'kuyamba kulankhula mwaukali. Anzake atatu anafika. Mnzanga anathamanga kudzandilanditsa. Ankafunsa kuti ndatumidwa ndi ndani, ndipo ndikulemba katundu wawo kuti ndikapereke kuti, poti chiphaso cha msika adula kale m'mawa. Atamva kuti ndine mlendo wochokera ku Malawi anaseka, mmodzi n'kundipatsa malalanje awiri aulere. Koma kope ndinalibisa pansi penipeni pa chikwama, ndipo manja ananjenjemera mpaka kunyumba.

Lachinayi, 12 Disembala, kumudzi kwa Mma

Lero sitinapite kulikonse, ndipo ndi lero lomwe ndamvetsa zambiri.

Mma anali ndi ntchito yoyenga mafuta. Amene munafikako ku Karonga mukuwadziwa mawese, ndi omwewa. Mnyamata anakwera mtengo ndi chingwe n'kugwetsa mikoko ya zipatso, yaminga ngati kanungu. Zipatso anaziwiritsa mumgolo kuyambira mbandakucha. Masiku ano amapita nazo kuchigayo, koma Mma anafuna ndione zakale, ndiye tinasinja pang'ono mumtondo. Ukasinja umathira madzi, n'kumafinya makoko ndi manja, mafuta n'kuyandama pamwamba, ofiira ngati dothi la ku Thyolo. Umawawengula ndi chikho n'kuwawiritsanso kuti madzi aphwe. Zotsala ndi nthanga zolimba ngati miyala. Amaziyanika, kenako n'kumaswa imodziimodzi pamwala kuti atulutse kamtima ka mkati. Ndinaswa khumi, chala chimodzi n'kuchiswera limodzi.

Mma anatola timitima tija m'dzanja n'kundionetsa. Kudzera mwa mnzanga anati kale mafuta anali a bambo, koma timitimati tinali ta mayi. Ndi ndalama yake imene mayi ankagulira mchere, nsalu, sopo ndi mbuzi yakeyake. Makampani a azungu ankagula mafuta ndi timitimati m'madepoti a m'mbali mwa mitsinje n'kutumiza ku Ulaya. Mu 1929 mitengo yogulira mafuta ndi timitimati inatsika, pomwe katundu wa m'sitolo sanatsike.

Tsono ikani msonkho pamwamba pake. Cha m'ma 1926 boma la atsamunda linawerenga amuna m'chigawo chino, osawauza poyera cholinga chake. Mu 1928 msonkho unayamba, wa amuna okha. Koma mukudziwa mmene zimakhalira m'nyumba: bambo akasowa ya msonkho, imatuluka pa mfundo ya chitenje cha mayi. Chakumapeto kwa 1929, Captain Cook, yemwe ankagwirizira udindo wa DC ku Bende, anaona kuti mabuku a msonkho ndi osalongosoka, n'kulamula kuti awerengenso, ulendo uno kuphatikiza akazi, ana ndi ziweto. Mfumu Okugo ya ku Oloko, m'boma lomwelo la Bende, inatuma munthu wina, Mark Emeruwa, kuti ayende khomo ndi khomo. Mu Novembala anafika pakhomo pa mayi wotchedwa Nwanyeruwa n'kumupeza akuyenga mafuta, ntchito yomweyi yandithyola msana leroyi. Anamuuza kuti awerenge mbuzi, nkhosa ndi anthu ake. Mayiyo anamubwezera funso: "Kodi amayi ako anawawerenga?" Anagwirana pakhosi, ndipo Nwanyeruwa anathamangira kwa amayi anzake omwe anali pamsonkhano, mafuta ali m'manja.

Boma linakana kwamtuwagalu kuti linalibe maganizo okhometsa akazi msonkho. Mwina n'zoona. Koma ine ndikanakhala mmodzi wa iwo sindikanakhulupirira. Anaona ndi maso awo amuna akuwerengedwa, msonkho n'kutsatira. Wolumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe.

Usiku Mma anandipaka mafuta omwewo pachala chotupacho.

Lachisanu, 13 Disembala

Ndimafuna kukafika ku Oloko. Sikutali, ndi kungodutsa malire kulowa m'dera la Abia pamsewu wa ku Umuahia, kwa Aigbo oyandikana ndi Aannang. M'mimba mwakana. Kaya ndi tinkhono tija, kaya ndi madzi. Ndagona tsiku lonse pamphasa, ndikumwa thanzi ORS yomwe ndinanyamula kwathu, ndipo ndalira pang'ono posowa amayi anga, ine mayi wa ana atatu. Mma akhala pambali panga akusenda koko, osalankhula, nthawi ndi nthawi kundigwira pachipumi.

Loweruka, 14 Disembala, Abak

Ndadzuka bwino. Tinakwera keke, njinga yamoto ya matayala atatu ija, kenako galimoto yaing'ono momwe anatipanikiza anayi kumbuyo, awiri kutsogolo. 1,200 naira aliyense. Marodibuloko atatu. Pa lililonse dalaivala amatulutsa dzanja pazenera atapinda kanthu, osaima n'komwe. Izi sizachilendo kwa Mmalawi.

Mabuku ambiri amatcha nkhaniyi kuti chipolowe cha amayi a ku Aba. Dzinali limandinyansa pawiri. Choyamba, sichinali chipolowe. Aigbo amati Ogu Umunwanyi, kuno amati Ekong Iban, ndipo onsewo akutanthauza nkhondo ya amayi. Chachiwiri, Aba ndi tauni ya Aigbo komwe masitolo a azungu anathyoledwa, n'chifukwa chake inatchuka. Koma kumene mfuti zinalira kwambiri ndi kuno, m'chigawo chomwe nthawiyo chinkatchedwa Calabar Province: ku Abak, ku Utu Etim Ekpo ndi ku Opobo. Malo awiri oyambawo ndi a Aannang.

Uthenga unkayenda bwanji popanda foni? Misika. Kuno misika imasinthana masiku, lero mudzi uno, mawa winawo, ndipo mayi mmodzi amatha kuyenda misika itatu kapena inayi isanabwererenso ya kwawo. Amayi ankapatsirana nsonga yanthete ya kanjedza, yomwe kuno amaitcha eyei. Wolandira amadziwa kuti waitanidwa, ndipo ayenera kupatsira wina. Analinso ndi magulu awo kuyambira kale, monga Iban Isong, amayi eni nthaka, omwe ankalanga mwamuna wonyoza akazi. Chilango chake chinali kumuzinga pakhomo, kumuimba nyimbo zomuvula ulemu, kuvina, kugogoda nyumba yake ndi misi mpaka atapepesa. Ndinakumbuka nyimbo za pamtondo za agogo anga, zomwe zinkamuuza mwamuna zonse popanda kumutchula dzina. Mu 1929 amayi anangotenga chilango cha m'mudzichi n'kupita nacho kwa boma.

Omwe anawalunjika kwenikweni ndi mafumu a chikalata. Kuno kunalibe mafumu akuluakulu olamula dera lonse. Nkhani zinkaweruzidwa ndi akuluakulu a mabanja ndi magulu a m'mudzi. Mngelezi anafuna munthu mmodzi womutuma, ndiye ankangosankha wina, kumupatsa kalata ndi chipewa, n'kumukhazika pa khoti. Ambiri analemera ndi ziphuphu ndi chindapusa, mothandizana ndi akalaliki ndi amesenjala a khoti. N'chifukwa chake amayi ankafuna zipewazo zivulidwe, ndipo makhoti ambiri anawagwetsa kapena kuwatentha. Okugo uja anamuvula chipewa, n'kumangidwa zaka ziwiri.

Kuno ku Abak, tsiku ngati lalero zaka 95 zapitazo, apolisi anaombera amayi n'kupha atatu. Lero m'tauni muli phokoso la Khrisimasi, masipika pa sitolo iliyonse, mbuzi zomangidwa pa njinga zamoto. Tinadya ndiwo za atama pa kalesitilanti ka mayi wina kuseri kwa depoti, 2,500 naira mbale. Atamva komwe ndachokera anandionjezera nsomba, n'kundifunsa ngati Malawi ili pafupi ndi Mali.

Lamlungu, 15 Disembala, Utu Etim Ekpo

Mnzanga anatsala ku Abak pa zokonzekera ukwati, ndiye ndinapita ndekha. Kulimba mtima kwake kunali kwa pakamwa chabe.

Lamlungu kuno magalimoto amasowa, aliyense ali kutchalitchi, ndipo matchalitchi ake ndi khomo ndi khomo. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Amawatcha aka uke, kutanthauza "ukupita kuti", poti ndilo funso lawo. Tinagwirizana 4,000 naira kupita ndi kubwera. Msewu unadutsa m'nkhalango ya mawese yokhayokha, mbali zonse mdima wobiriwira, ndipo titayenda mphindi 20 osakumana ndi galimoto ndinayamba kuwerenga machimo anga. Palibe amene akudziwa nambala ya njingayi. Foni yatsala ndi kadontho kamodzi ka netiweki. Kenako tayala lakumbuyo linaphwa.

Mnyamatayo anaona nkhope yanga n'kuseka. "Anti, musaope, ine ndine dikoni." Anakankha njinga mpaka pa kanyumba kena, ine pambuyo. Pakhondepo panali bambo wachikulire yemwe sanapite kutchalitchi chifukwa cha mwendo. Ananditulutsira mpando, n'kunditsanulira ukot wa m'mawa womwewo, wotsekemera ngati thobwa losasasa. Chingelezi ankachidziwa bwino, anali mphunzitsi asanapume. Nditamuuza chomwe ndadzera anakhala chete kanthawi, kenako anati agogo ake aakazi ankaikamba nkhondoyo, koma mwakamodzikamodzi, ndipo akafika pa mfuti ankasintha nkhani. Ndinafuna kutulutsa kope. Ndinalisiya.

Zomwe zinalembedwa ndi izi. Amayi a kuno anatentha khoti n'kuthyola sitolo ya kampani ya azungu. Anavala ziguduli, nkhope atapaka makala, m'manja atanyamula ndodo zokulungidwa ndi masamba anthete a kanjedza. Asilikali atafika, amayiwo anawayandikira akuimba, ndipo asilikali anatsegula mfuti, kuphatikizapo ya chiwaya yotchedwa Lewis. Amayi 18 anafa, 19 anavulala. Pa nkhondo yonseyi palibe msilikali kapena mzungu ngakhale mmodzi yemwe anaphedwa.

Ndimaganizira za zovalazo. Munthu wopita kukapha savala chiguduli n'kunyamula tsamba. Amayiwa anavala kuti aliyense wowaona adziwe kuti dziko lalakwiridwa, ndipo mwamuna aliyense wa kuno akanawaona akanapatuka panjira. Ankadziwa kuti pa mwambo wawo mkazi saomberedwa pankhondo. Anakumana ndi anthu omwe chilankhulo cha masambacho sankachimva, ndipo sanafune kuchimva.

Tayala litamatidwa tinafika pa Utu Etim Ekpo penipeni. Ndi likulu la boma laling'ono la Etim Ekpo: maofesi otseka poti ndi Lamlungu, mashedi a msika opanda anthu, ana ovala zoyera akuchokera ku Sande sukulu. M'mene ndinayendamo sindinaone chipilala kapena chikwangwani. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango mphindi zingapo ngati munthu wodikira basi. Dikoni anandifunsa ngati ndapeza chomwe ndimafuna. Ndinati eya, kuti tizipita.

Pobwerera ndinamupatsa 5,000. Anakana yapamwambayo kawiri, kachitatu n'kulandira.

Lolemba, 16 Disembala, Ikot Abasi

Tinalawirira ndi mnzanga kudzera ku Ekparakwa, maola awiri ndi theka chifukwa minibasi inkaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja. Pafupi nane panakhala mayi ndi beseni la nsomba zouma, ndipo zovala zanga zikununkhabe mpaka pano.

Tauni ino ili m'mbali mwa mtsinje wa Imo. Nthawi ya atsamunda inkatchedwa Opobo, kapena Egwanga, ndipo panali doko, maofesi a boma ndi madepoti a mafuta. Pa 16 Disembala 1929 linalinso Lolemba ngati lero. Amayi a mitundu yosiyanasiyana, Aibibio, Aannang, Aandoni, Aogoni, Aigbo ndi a ku Opobo, anasonkhana pa ofesi ya DC Whitman, ena atabwera pa mabwato. Anabwera ndi mfundo zawo, ndipo anafuna zilembedwe papepala: akazi asakhome msonkho, katundu wa munthu asawerengedwe. Taonani, anthu omwe ankanenedwa kuti ndi gulu lopenga ankafuna kalata yosainidwa, poti anali ataphunzira kuti mawu a pakamwa a boma sakhalitsa. Khamu litapanikiza mpanda wa ofesi, Lieutenant Hill analamula asilikali kuomba. Amayi oposa 30 anafa, ena mwa iwo pomira mumtsinje pothawa.

Mmodzi mwa atsogoleri omwe anaphedwa anali Adiaha Edem. Anthu kuno amasimba kuti analanda mfuti ya msilikali n'kuithyola. Mwana wake, Udo Udoma, anali ndi zaka 12. Anakula n'kukhala loya, ndipo kuyambira 1963 mpaka 1969 anali mkulu wa majaji ku Uganda.

Kuno ndiye kuli malo achikumbutso cha amayiwa, pafupi ndi nyumba zakale za atsamunda zomwe alendo ambiri amadzera. Zinazo sindinazilabadire. Ndinatsikira kumtsinje. Ndi wotakata kuposa Shire pa Liwonde, madzi ake akuda, mitengo yomera m'madzi tsidya linalo. Ndinayesa kuganiza mayi wovala nsalu yolemera, mwina ndi mwana kumsana, akulumphira mmenemo.

Mu 1930 boma linakhazikitsa makomiti awiri ofufuza. Yoyamba inafulumira kuyeretsa asilikali. Anthu atadandaula panabwera yachiwiri, yotsogozedwa ndi jaji wamkulu Donald Kingdon, momwe munalinso maloya awiri a ku Nigeria, Kitoyi Ajasa ndi Eric Moore. Inamva mboni 485, ndipo mwa izo amayi anali 103 okha, pa nkhani yomwe inali yawo. Komabe zinthu zinasintha. Ufumu wa chikalata unathetsedwa pang'onopang'ono m'zaka zotsatira, ndipo m'madera ena amayi anayamba kukhala nawo m'makhoti. Chomwe chinandiwawa ndili pamtsinjepo n'chakuti kalembera uja anachitikadi. Boma linawawerenga bwinobwino amayiwa: atatu, 18, oposa 30.

Ndinakumbukanso kwathu. Msonkho wa nyumba unayamba ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1890, ndipo mwamuna akathawa, amesenjala ankagwira mkazi wake kapena kutentha nyumba. Gogo wa ku Ntcheu uja anabadwa zimenezi zidakali m'makutu mwa anthu. Ine ndi tabuleti yanga ndi chipewa cha boma ndinamuona ngati wosadziwa zinthu.

Tinadya nsomba yootcha ndi nthochi zootcha pa doko, 3,500 naira awiri. Mnzanga sanalankhule zambiri. Anangoti kusukulu anaphunzira za Aba, ndipo za Utu Etim Ekpo, komwe ndi kufupi ndi kwawo, anazimva atakula kale.

Lachiwiri, 17 Disembala, Ikot Ekpene

Nyumba yadzaza. Azakhali afika kuchokera ku Calabar ndi ku Port Harcourt, matumba a mpunga aunjikidwa pabalaza, ndipo ine andipatsa ntchito yokulunga ekpang, koko wopala yemwe amamukulunga m'timasamba tating'ono, kamodzikamodzi, mpaka mphika udzaze. Zanga zikumasuka zonse.

Ndinabwereranso kumsika kukagula mafuta oti ndipite nawo kwathu, ngati a pabwalo la ndege angalole. Ndinalunjika kwa mayi anandikalipira uja. Anandizindikira ndili patali, n'kuitana anzake kuti Malawi wabwera. Anandithirira botolo mpaka kusefukira, natsekera ndi kapulasitiki, n'kundifunsa kuti kope lija lili kuti. Ndinati lili kunyumba. Anati ndibwere nalo mawa, andiuze mitengo yoona, chifukwa ya tsiku lija anandiuza yabodza.